Maliro osaona nkhope

Agogo anga aakazi anali ndi nkhani imodzi imene ankaikonda, ndipo nthawi zonse ankaikamba akuseka mpaka misozi kulengeza m'maso. Chinali chaka china m'ma 1980, nthawi ya dzinja, iwo atasenza dengu la mbatata ya kachewere ulendo wa kumsika. Pachipata pa msika panali anyamata ofunsa makadi a chipani. Khadi la agogo linali litatsala m'thumba la diresi lina kunyumba. Atangowaona anyamatawo chapatali, anakhotera m'munda wa chimanga wa eni ake, dengu lili pamutu, n'kukhala chete m'menemo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Linthumbu linawapeza momwemo.

"Linandiluma, amunanga, koma kukuwa ayi. Ndimati ndikangoti mayo, andimva."

Amunangawo ndinali ine. Mukudziwa mmene agogo amaitanira adzukulu awo aamuna.

Tsiku lina ndili fomu 3, titaseka nkhani yomweyi mwina kachikhumi, ndinafunsa funso limene ana tonse a pakhomo paja tinkadziwa kuti safunsa. Ndinati, "Agogo, nanga amalume aja anapita ku Mozambique, anachoka bwanji?" Kuseka kunathera pomwepo. Anakoka lichero n'kuyamba kusankha nyemba zosankhasankha kale. Patapita kanthawi anati, "Ananena kuti abwera Loweruka." Sanawonjezere kanthu, ndipo madzulo amenewo nsima anangodya mbamu ziwiri.

Zinthu ziwirizi zinagwera munthu mmodzi, m'zaka zomwezo, m'mudzi womwewo kumtunda kwa Neno, kumapiri kumene minda ina imachita kugundana ndi ya ku Mozambique. Tsiku la m'munda lija agogo ankaopadi kuti akagona m'chitokosi. Sanali mantha achibwana ayi. Koma mantha amenewo anafa n'kusanduka nthabwala ya pamoto, pamene chisoni cha amalume sichinakalambe n'komwe. Ndakhala ndikudzifunsa kwa zaka zambiri kuti mtima umasankha bwanji chosunga ndi chotaya. Yankho limene ndili nalo ndalitola m'mbiri ya boma lathu lomweli.

Tiyambe ndi manthawo, poti ambiri amene mukuwerenga pafonipa munabadwa atatha kale. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi, Malawi Congress Party, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti Wamuyaya. Ana a sukulu ankaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Khadi la chipani linali ngati kiyi. Popanda ilo ukanatha kubwezedwa pamsika kapena kutsitsidwa m'basi, ndipo ofunsawo, ayufi a malaya ofiira ndi apayoniya, sankafuna kumva zoti waiwala. Lamulo linkalola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, ndipo mayina monga Mikuyu ndi Dzaleka ankatchulidwa monong'ona. Choopsa kwambiri chinali chakuti sunkadziwa amene akukumvetsera. Mwina mnzako wa pabawo, mwina mlamu wako.

Zimenezi zinatenga zaka pafupifupi 30. Ndiye taonani mmene zinagwera. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, kunena poyera zimene anthu ankangonena m'mitima. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Pa 14 Juni 1993 anthu anavota pa riferendamu, nyali kapena tambala wakuda, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, kutanthauza zipani zambiri. Mu Disembala chaka chomwecho asilikali analanda zida apayoniya pa Operation Bwezani, ena a iwo n'kuthawira ku Mozambique. Pa 17 Meyi 1994 kunali chisankho, Bakili Muluzi n'kupambana.

Zaka ziwiri ndi miyezi iwiri basi. Anthu omwe aja ankatsitsa mawu potchula dzina la Ngwazi m'nyumba mwawo momwe anayamba kukuwa m'misewu kuti zinthu zasintha. Bambo anga amati chimene chinawadabwitsa sichinali kugwa kwa boma, koma mmene anthu anafulumirira kuyamba kuseka. Chaka chisanathe, nkhani za makadi zinali zitasanduka kale zoseketsa pamowa. Chimwemwe cha 1994 nacho sichinakhalitse. Kwacha inagwa, mitengo ya zinthu inakwera koopsa mu 1995, ndipo anthu anabwerera ku madandaulo a tsiku ndi tsiku, a feteleza ndi msewu wathu uja wa ku Neno, umene nkhani yake ndisayambe lero chifukwa sitingamalize.

Alipo anthu amene anayesapo kuyeza zinthu zimenezi ndi wotchi. Mu 2014 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Leuven ku Belgium, Philippe Verduyn ndi Saskia Lavrijsen, anafunsa ana a sekondale 233 kuti akumbukire nthawi imene anamva zinthu zosiyanasiyana mumtima, mitundu 27, n'kunena kuti chilichonse chinatenga nthawi yotalika bwanji. Chisoni ndicho chinaposa zonse, maola 120, kutanthauza masiku asanu. Chidani chinabwera pambuyo ndi maola 60, chimwemwe maola 35. Manyazi ndi kunyansidwa, theka la ola lokha. Mantha nawonso anali m'gulu la zosakhalitsa.

Nditawerenga koyamba ndinaseka ndekha. Masiku asanu eti? Akanabwera kudzafunsa kuno. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti ngakhale manambalawo ndi a ana a ku Ulaya, ndondomeko yake ndi yomwe ija ndinaiona pakhonde pa agogo: mantha kumunsi, chimwemwe pakati, chisoni pamwamba. Ndipo zifukwa ziwiri zimene akatswiriwo anapeza n'zomveka kwa munthu aliyense wa kumudzi. Choyamba ndi kukula kwa chimene chachitikacho pa moyo wako. Chachiwiri ndi chimene ine ndingachitche kubzikula. Amene munawetako ng'ombe mukudziwa: imadya udzu masana, usiku n'kugona pansi, kubweza udzu womwewo m'kamwa n'kumatafunanso. Mtima nawo umatero. Chimene umabwezabweza ndicho chimakhalitsa.

Mantha sabzikulidwa kwambiri chifukwa ntchito yake ndi ya mlonda. Amakudzutsa njoka ikalowa m'nyumba, ndipo njoka ikatuluka ntchito yatha. Mantha a zaka 30 aja sanali mantha amodzi aatali. Anali moto wosonkhezeredwa m'mawa uliwonse, pachipata cha msika, pa wailesi, pamsonkhano wa chipani. Atasiya kuponyapo nkhuni unazima. Kunena zoona phulusa linatsalako. Agogo mpaka ukalamba wawo ankayamba acheuka asanatchule nkhani ya boma, ngakhale tili awiriwiri kumunda. Koma chimenecho chinali chizolowezi cha khosi, mtima sunkagundanso.

Chisoni n'chosiyana chifukwa chimene wataya sichibwerera. Komabe yankho limeneli silikwanira, ndipo umboni wake ndi agogo omwewo. Amuna awo enieni, agogo aamuna, anamwalira mu 1998 atadwala miyezi itatu. Agogo analira kwambiri. Tinagona pasiwa, tinaika, tinameta. Patatha chaka ankawakamba momasuka, mpaka kumawanena kuti anali aulesi popalira ndiponso okonda wailesi kuposa mkazi. Mwamuna amene anakhala naye zaka zoposa 40, chisoni chake chinapola. Mwana amene anachoka ali ndi zaka 24, chisoni chake chinakana. Kusiyana kwake sikunali kukula kwa chikondi. Mmodzi anali ndi manda, wina analibe.

Apa ndi pamene nkhani ya pakhomo pathu imakumana ndi nkhani imene dziko lonse limaidziwa ndi dzina la boma lathu lakale. Achinyamata ambiri sadziwa kuti Neno inakhala boma palokha mu 2003. Zisanatero tinali mbali ya Mwanza, ndipo kalata iliyonse ya boma inkatitcha anthu a ku Mwanza. Choncho mu 1983, pamene wailesi inalengeza za ngozi ya galimoto ku Mwanza, inkanena za kwathu.

Anthu ake anali anayi. Dick Matenje, mlembi wamkulu wa chipani komanso nduna. Aaron Gadama, nduna ya chigawo chapakati. Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo. David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Pa 17 Meyi 1983 anagwidwa ndi apolisi pa msewu akuchokera ku Nyumba ya Malamulo, imene nthawi imeneyo inali ku Zomba. Anagona ku ndende ya Mikuyu. Tsiku lotsatira anawatengera ku Blantyre, ndipo usiku wa pa 18 Meyi anawapititsa ku Thambani, kufupi ndi malire a Mozambique, kumene anaphedwa pomenyedwa ndi nyundo. Mitembo anaiika m'galimoto ya mtundu wa Peugeot n'kuikankhira kuphedi kuti zioneke ngati ngozi. Boma linauza dziko kuti anafa pa ngozi akuthawira kunja.

Bambo anga anali mnyamata nthawi imeneyo. Amati agogo aamuna atamva chilengezocho anazimitsa wailesi, chinthu chimene sankachita, n'kutuluka kupita kukhola. Palibe anafunsa kanthu. Palibenso anakhulupirira. Amatinso zaka zotsatira, akakhala ku Blantyre munthu n'kuwafunsa kwawo, akangoti ku Mwanza, panali kachetechete kena kake asanapitirize macheza.

Kupha kuja kunali koopsa, koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zimene zinatsatira. Mabanja analandira mabokosi ndi lamulo lakuti asatsegule. Anthu amene dzulo lake anali akuluakulu a dziko anaikidwa popanda ulemu wa boma, ndipo ambiri amene akanabwera kudzakhuza anaopa kuoneka pamalirowo. Taganizani, mkazi wamasiye kukhala pafupi ndi bokosi limene saloledwa kuona m'kati mwake, atauzidwa nkhani imene akudziwa kuti ndi yabodza, ndipo sangathe kuuza ngakhale mnansi wake kuti sakuikhulupirira.

Ife timaona ngati mwambo wa maliro ndi chizolowezi chabe, nthawi zina chotopetsa ndi chodya ndalama. Ine ndemwe ndadandaulapo za kugona panja pa mphepo ya mu Juni kumtunda kuno, kumene chisanu chake chimalowa mpaka m'mafupa. Koma mukauyang'anitsitsa mwambowu muona kuti makolo ankadziwa za kubzikula kuja kalekale, ndipo anakonza njira yotsekera mafunso amene mtima umabwezabweza. Timaika masamba pamsewu kuti aliyense wodutsa adziwe, atsike panjinga, avule chipewa. Imfa isakhale chinsinsi cha nyumba imodzi. Timaona nkhope, ndipo funso lakuti kodi wapitadi limathera pomwepo, chifukwa maso aona. Woyankhula m'malo mwa banja amaimirira n'kufotokoza mmene matenda anayambira, chipatala chimene anapita, ola limene anatsirizika, ngakhale onse akudziwa kale. Adzukulu amakumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo pali malo oloza ndi chala. Kenaka kusesa, kumeta, ndipo patapita nthawi chiliza. Tsitsi likamamera, thupi lenilenilo limakuuza kuti masiku akupita. Anthu ambirimbiri aja amene amabwera kudzadya nsima ya pamaliro, ena osamudziwa n'komwe malemuyo, ndi mboni. Akunena kuti ifenso taona, sukulota.

Mabanja a anthu anayi aja analandidwa zimenezi, ndipo analandidwa dala. Nkhope sanaone. Mbiri ya imfa inanenedwa ndi wailesi, yabodza. Mboni zinabalalitsidwa ndi mantha. Apa mantha anagwira ntchito ina imene ana a ku Leuven sakanaidziwa: anakhala chivundikiro pa mphika wa chisoni, kuti chisatuluke nthunzi kwa zaka 11.

N'chifukwa chake chivundikirocho chitachoka, chinthu choyamba chimene dziko linafuna chinali nkhani ya ku Mwanza. Chisankho cha 1994 chinachitika pa 17 Meyi, tsiku lomwe anthu aja anagwidwa zaka 11 m'mbuyomo. Mwezi wotsatira boma latsopano linakhazikitsa bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi Justice Michael Mtegha. Apolisi amene analipo usiku uja anafotokoza zimene zinachitika. Lipoti litatuluka mu Januwale 1995, zinadziwika poyera kuti sinali ngozi. Dr Banda anaikidwa pa ukaidi wosachoka panyumba ku Mudi House mu Blantyre, ndipo iye, John Tembo ndi ena anazengedwa mlandu wokonza chiwembu. Pa 23 Disembala 1995 khoti linawapeza osalakwa, poti panalibe umboni wokwanira wosonyeza kuti lamulo linachokera kwa iwo. Mkulu wa apolisi wa mu 1983, Mac Kamwana, amene akanatha kunena kumene analandira lamulolo, anali atamwalira kale. Boma linachita apilo koma silinaphule kanthu.

Ndiye funso limodzi linatsekedwa, lakuti anafa bwanji. Lina linatsala lotsegula mpaka lero: anatuma ndani? Pa 4 Januwale 1996 Dr Banda anapepesa mtundu wa Amalawi, koma chipepesocho chinali ndi mawu akuti ngati: ngati panali amene anavutika chifukwa cha anthu ogwira ntchito m'boma lake kapena ogwiritsa ntchito dzina lake. Kwathu kuno munthu akabwera pasiwa n'kunena kuti pepani ngati mwaferedwa, angamuyang'ane bwanji? Anamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997, ndipo iye anaikidwa ndi ulemu wonse wa boma ku Lilongwe, anthu ataona nkhope.

Sindikunena izi pofuna kuutsa chidani. Ndikudziwa kuti ena a inu agogo anu amamukumbukira Kamuzu ndi chikondi chenicheni, chifukwa cha misewu, chimanga chotsika mtengo ku ADMARC ndi sukulu zimene zinali ndi mabuku. Zimenezo nazo n'zoona kwa iwo. Ndikungoti onani kusiyana kwa maliro awiriwa, ndipo muona chifukwa chake mbali ina inatha kupumula pamene ina ikubzikulabe. Ku Thambani kuli chipilala cha chikumbutso tsopano, ndipo ndi chinthu chabwino, malo oloza ndi chala. Koma anthu ena ambirimbiri amene anazunzika nthawi imeneyo alibe chipilala. Malamulo a dziko a 1994 anakhazikitsa bwalo lopereka chipepeso kwa ozunzidwa, National Compensation Tribunal, ndipo linapatsidwa zaka khumi. Linatsekedwa anthu ochuluka asanalandire zawo. Mu 2017 ofesi ya Ombudsman, pansi pa Martha Chizuma, inatulutsa lipoti la nkhaniyi lotchedwa Malawi's Unhealed Wounds, kunena zilonda zosapola. Zaka 23 chitheretu ulamuliro uja.

Tsopano ndibwerere kwa amalume, amene nkhani yawo sinalembedwe mu lipoti lililonse.

Nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique, pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo, inayamba mu 1977. Kuyambira 1986 inafika poipa m'zigawo zoyandikana nafe, ndipo anthu anayamba kukhamukira kuno. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Malawi anali kusunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, m'dziko limene kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Kumunsi kwa Neno kunali misasa, ku Luwani ndi ku Lisungwi. Kumtunda kwathu ambiri sanapite kumsasa n'komwe, anangolowa m'midzi, chifukwa anali abale athu. Malire a kuno anajambulidwa ndi azungu pamwamba pa mapiri, koma chinenero n'chimodzi, maukwati ndi amodzi, maliro timayenderana.

Amalume, mwana wachiwiri wa agogo, ankachita kageni kodutsa malire. Ankanyamula mchere ndi sopo, zimene kutsidya zinkasowa, n'kubwera ndi nkhuku kapena mbuzi. Mu 1987, Lachitatu lina, ananyamuka ndi kathumba kawo n'kunena kuti abwera Loweruka. Ndi zokhazo zimene banja lili nazo zogwirika. Zina zonse ndi mphekesera, ndipo zinabwera zambiri. Wina anati anagwidwa ndi anthu a mfuti kuti akawasenzere katundu. Wina anati anaponda bomba lokwirira pansi. Patapita zaka mayi wina anati anawaona ku Tete ali ndi mkazi ndi ana awiri. Winanso anati ku Zimbabwe.

Mukuona vuto lake? Mphekesera iliyonse inali udzu watsopano woti ubzikulidwe. Ngati anaponda bomba, ndiye agogo alire. Ngati ali ku Tete ndi ana, ndiye akwiye kuti mwana wosayamika. Ngati ali m'manja mwa anthu a mfuti, ndiye apemphere. Mtima sungachite zitatu zonsezi nthawi imodzi, ndiye umangozungulira.

Mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka zitatu zotsatira othawa nkhondo anabwerera kwawo. Agogo anaganiza kuti popeza njira zatseguka, amene ali kutsidya nawonso abwerera kuno. Amayi amandiuza kuti chaka cha 1994, anthu akuvina za chisankho, agogo ankakhala pakhonde kuyang'ana njira yotsika kuphiri. Aliyense wobwerera ku Mozambique amene anadzatsanzika ankapatsidwa uthenga womwewo: mukakamuona mukamuuze kuti mayi ake alipo.

Cha m'ma 2000 akuluakulu a banja anakhala pansi n'kugwirizana kuti pachitike mwambo, ngakhale popanda mtembo. Abusa abwere, anthu agone pasiwa usiku umodzi, timete, nkhani ithe. Malume wamkulu wa amayi, mwini mbumba, ndiye anakawauza. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Achimwene, inu mwamuona? Mukandionetse pamene wagona, ndimeta lero lomwe. Koma ine kuika mwana wanga wamoyo, ayi." Nkhani inathera pomwepo.

Ndili wamng'ono ndinkaona ngati kumeneko kunali kuuma mutu. Pano ndimaona kuti analibe njira ina. Katswiri wina wa ku America, Pauline Boss, anayamba m'ma 1970 kufufuza mabanja a asilikali amene anasowa pa nkhondo ya ku Vietnam, osadziwika ngati ali moyo kapena anafa. Anapeza kuti chisoni cha mtundu umenewu chimauma ngati madzi a m'firiji, sichiyenda kupita kutsogolo, ndipo vuto silikhala mwa munthu wolirayo koma mu nkhaniyo, imene ilibe mathero. Kuvomera kuti wafa kumaoneka ngati kumupereka. Kupitiriza kudikira kumakudya. Agogo sanamvepo za mayi ameneyu, koma akanamuuza zonsezi ndi mawu ochepa.

Mu 2015 mfuti zinayambanso kulira m'chigawo cha Tete. Anthu anayamba kuwolokera m'mudzi wa Kapise ku Mwanza, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2016 anali atapitirira 10,000. Boma linatsegulanso msasa wa Luwani, umene unatsekedwa mu 2007, ndipo kuyambira mu Epulo chaka chimenecho bungwe la UNHCR linayamba kusamutsira anthu kumeneko. Ine nthawi imeneyo ndinali nditayamba ntchito ku Blantyre. Nditapita kumudzi pa holide ndinapeza agogo atamva kale pa wailesi. Maso anali atayamba kuchita khungu, miyendo ikuvuta, koma anandiitanira m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Amunanga, akuti ku Luwani kwabweranso anthu."

"Eya agogo, ndamva."

"Upiteko. Ukayang'ane mnyamata wamtali, woderapo, ali ndi chipsera apa." Analoza pachibwano. "Anagwa mumtengo wa manachesi ali mwana."

Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti agogo, munthuyo ngati alipo ali ndi zaka 53, mwina imvi zili mbuu, mwina mano anatha. Sindinanene. Kwa iwo anali adakali ndi zaka 24, atanyamula kathumba ka mchere.

Ndinapitadi. Ndinakwera njinga yamoto kutsika mapiri, fumbi lokhalokha, mpaka kumunsi kotentha kuja. Ndinakhala pa kamsika ka pafupi ndi msasa tsiku lonse, kugula zitumbuwa zimene sindinkazifuna kuti ndipeze poyambira macheza. Anthu ake ankayankhula ngati ife tomwe. Ambiri anali amayi ndi ana, ndipo ochuluka anabadwa 1987 itadutsa kale. Bambo wina wachikulire anandimvetsera bwinobwino, n'kufunsa dzina, mfunda ndi mudzi, n'kupukusa mutu. Kenaka nayenso anandifunsa ngati ku Blantyre ndinamvapo za mng'ono wake, amene anawolokera kuno mu 1989 ndipo sanabwerere. Anandipatsa dzina. Ndinalilemba m'foni, pansi pa la amalume.

Nditabwerera kumudzi ndinawauza agogo zoona, kuti sindinawapeze. Anangoti, "Chabwino. Mwina sanafike." Kenaka analoza foni yanga. Anali atamva kwa ana a kutchalitchi kuti m'menemo mumapezeka anthu.

"Talembamo dzina lake."

Netiweki kwathu imagwira pachulu cha kuseri kwa khola, ndiye ndinawagwira dzanja n'kupita nawo pang'onopang'ono mpaka pamenepo. Ndinatsegula Facebook n'kulemba dzinalo. Panabwera anthu asanu ndi awiri. Wina wa ku Lusaka, wina mwana wa sukulu ku Zomba, wina chithunzi chake chinali cha timu ya mpira. Ndinayesa kalembedwe ka Chipwitikizi, mmene akanalilembera kutsidya. Panabwera atatu. Agogo anayandikitsa foniyo pafupi ndi diso limene linkaonako, n'kumayang'ana nkhope iliyonse nthawi yaitali, mpaka sikirini kuzima, ine n'kuyatsanso.

Anamwalira mu 2019, mwezi wa Ogasiti. Tinaika masamba pamsewu, tinachezera ndi nyimbo usiku wonse, tinaona nkhope. Woyankhula m'malo mwa banja atafika powerenga ana, anati malemuwa anabereka ana asanu ndi mmodzi, awiri anatsogola, atatu ali pano. Anaima kaye pang'ono, akuyang'ana pepala lake, kenaka anati, "Mmodzi ali ku Mozambique."

Tsiku lometa, amayi anandikokera pambali kuseri kwa nyumba, mpango uli kumutu. Anandifunsa ngati dzina lija ndikadali nalo m'foni. Ndinati eya. Anati ndizilembamo nthawi ndi nthawi, poti anthu amalowa pa Facebook tsiku lililonse.